Magazi, khungu ndi mtundu: mafunso ndi mayankho kuchokera ku Nkhotakota

Ndimaphunzitsa kusekondale kuno ku Nkhotakota, koma mafunso ovuta sandipeza m'kalasi mokha. Ena amabwera kudoko asodzi akukokera ngalawa kumtunda, ena pamaliro usiku tikuwotha moto, ena pa WhatsApp. Ambiri amazungulira pamodzimodzi: anthufe timasiyana chifukwa chiyani, ndipo kusiyanako kumalekeza pati? Amene amabwerabwera ndawaika pano.

Aphunzitsi, anthropology imene mumatchulatchulayi n'chiyani?

Ndi maphunziro a za munthu yense, kuyambira fupa mpaka mwambo. Akatswiri ena amayeza mafupa ndi magazi. Ena amakumba pansi kufuna mapale, mikanda ndi phulusa la anthu akale. Ena amalondola zilankhulo, ndipo ena amangokakhala m'mudzi chaka chathunthu, kudya nsima ya pomwepo, kupita kumaliro ndi kumilandu, n'kumalemba zimene aona.

Ku Malawi kuno ntchitoyi si yachilendo. J. Clyde Mitchell anakhala pakati pa Ayao chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni ku Mua mu 1976, ndipo amene anapitako anaona kuchuluka kwa zigoba za gule wamkulu zimene zasungidwa kumeneko. Yusuf Juwayeyi anakumba ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, pamene panali likulu la Kalonga, n'kupezapo mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale za ku China. Amaravi ankachita malonda ndi dziko lakutali atsamunda asanaponde kuno.

Zoti anthu onse anachokera ku Africa, komanso kwa anyani, n'zoona?

Tiyambe ndi anyaniwo, poti ndiwo amakwiyitsa anthu. Nyani amene amakuberani chimanga kumalire kwa nkhalango ya Nkhotakota si agogo anu, ndipo palibe wasayansi amene amatero. Zimene amanena n'zakuti ife ndi anyani akuluakulu otchedwa chimpanzi tinali ndi kholo limodzi zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, kenaka njira zinapatukana.

Za Africa n'zoona. Mafupa akale kwambiri a anthu onga ife anapezeka ku Jebel Irhoud ku Morocco, ndipo ndi a zaka pafupifupi 300,000. Achibale athu akale kuposa pamenepo anayendanso m'mbali mwa nyanja yathu yomweyi: mu 1991, ku Uraha m'boma la Karonga, gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza chibwano cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Nkhani yake mukaipeza kunyumba yosungira zakale ya ku Karonga.

Zaka za pakati pa 60,000 ndi 70,000 zapitazo, kagulu ka anthu kanatuluka mu Africa, ndipo zidzukulu zawo ndizo zinadzaza Asia, Ulaya, Australia ndi America. Zili ngati mayi wotapa mbewu pang'ono m'nkhokwe yaikulu kukadzala kudera lina: munda watsopanowo sungakhale ndi mitundu yonse imene inali m'nkhokwe. N'chifukwa chake anthu a mu Africa ndi amene amasiyana kwambiri okhaokha m'chibadwa kuposa anthu a kwina kulikonse.

Nanga Kaphirintiwa, pamene akuluakulu amati mapazi a anthu oyamba anadindika pathanthwe? Ine sindimuikira mwana nkhani ziwirizi pasikelo imodzi. Ya Kaphirintiwa imatiuza za Chauta, mvula, moto ndi mmene munthu anadanirana ndi nyama. Chibwano cha ku Uraha chimatiuza zaka.

Akafula analikodi kapena ndi nthano chabe?

Analiko, ngakhale sitingalumbirire zonse zimene nthano zimawanenera, monga zija zoti ukakumana naye ankafunsa kuti "mwandionera pati?" ndipo ukati "pompano" unali pamavuto. Anthu osaka ndi kutola zipatso anakhala m'dziko muno zaka zikwizikwi alimi asanafike. Zojambula zofiira za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, malo 127 amene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawalemba m'kaundula wake mu 2006, amati zinajambulidwa ndi iwowa, pamene zoyerazo n'za Achewa.

Mu 2017 akatswiri anafalitsa zimene anapeza atayeza DNA (uthenga wa chibadwa umene munthu amatengera kwa makolo) ya mafupa a kuphiri la Hora ku Mzimba, ku Fingira ndi ku Chencherere. Ena anali a zaka zoposa 8,000. Chimene chinadabwitsa ambiri n'chakuti mwa Amalawi a lero amene anayezedwa, chibadwa cha anthu akalewo sichinaoneke kwenikweni. Ife tinachokera kwa alimi olankhula zilankhulo za Chibantu, amene makolo awo ananyamuka kumalire a Nigeria ndi Cameroon zaka 4,000 kapena 5,000 zapitazo, n'kudzafika kuno ndi chitsulo ndi miphika ngati imene inapezeka ku Nkope ku Mangochi. Ndiye tikamakangana zoti eni nthaka ndani, tizidziwa kuti Mchewa, Mtonga, Myao ndi Mngoni tonse ndife obwera. Tinangosiyana tsiku lofikira.

Bwanji azungu ndi oyera, ife akuda?

Dzuwa. M'khungu muli utoto wotchedwa melanini, umene umatchinga cheza choopsa cha dzuwa. Kumene dzuwa limaswa mtengo chaka chonse, khungu lakuda limateteza thupi, makamaka vitamini ina yofunika kwa mayi woyembekezera yotchedwa folate, imene cheza chimaiwononga. Koma thupi limafunanso dzuwa kuti lipange vitamini D yolimbitsa mafupa. Anthu atasamukira kumaiko kumene dzuwa ndi lofooka, oyererako ndiwo ankapanga vitaminiyo mosavuta, ndipo m'mibadwo yambirimbiri khungu linayera.

Palibe mzere umene kuda kumathera n'kuyamba kuyera. Mutayenda wapansi kuchoka ku South Sudan, kumene kuli anthu akuda bii, kudutsa Egypt mpaka Sweden, khungu lingamasinthe pang'onopang'ono osadziwa n'komwe pamene lasinthira. Ndipo khungu silikuuzani za ubale. Anthu a ku Papua New Guinea ndi akuda ngati ife, koma m'chibadwa ali pafupi ndi anthu a ku Asia kuposa Mchewa.

Mwana wachialubino amabadwa bwanji kwa makolo akuda? Si kuti mayi anayenda ndi mzungu?

Ayi, ndipo bodza limeneli lapasula mabanja ambiri. Mwana amalandira malangizo opangira thupi lake kuchokera kwa bambo ndi mayi, theka uku theka uku. Malangizowa m'mabuku amawatcha majini. Ndimaseka ndikafika pamenepa m'kalasi, chifukwa kuno kunyanja mwana akamva "majini" amaganiza za ziwanda zija amazitchula ashehe. Izi n'zina: ndi tizigawo ta DNA.

Munthu akhoza kunyamula jini ya chialubino osadziwa, khungu lake lili lakuda bwinobwino. Akakwatirana ndi mnzake wonyamulanso, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana alandire jiniyo mbali zonse ziwiri, ndipo thupi lake silipanga melanini wokwanira. Bambo amene akuthamangitsa mkazi wake chifukwa cha mwana wotere akuthawa magazi ake omwe. Chialubino chimapezeka kwa azungu, kwa amwenye, ngakhale kwa nyama.

Mafupa a munthu wachialubino ndi mafupa ngati anga ndi anu. Mulibe golide, mulibe chizimba. Kuphedwa kwa abale athuwa ndi kufukulidwa kwa manda awo, kumene kunakula m'dziko muno kuyambira 2014, kunachokera pa umbuli ndi dyera basi. Mdani wawo wa tsiku ndi tsiku ndi dzuwa, limene limayambitsa khansa ya pakhungu. Chipewa chachikulu, malaya a manja aatali, mafuta oteteza khungu, ndi mpando wakutsogolo m'kalasi chifukwa maso awo saona patali: zimenezi ndizo zofunika. Ndipo mayina achipongwe aja tisiye.

Mwana wathu amatupa manja ndi mapazi, magazi amamuthera kawirikawiri. Achipatala akuti ndi sickle cell. Kwathu kulibe matenda amenewa, ndiye achokera kuchimuna?

Achokera mbali zonse ziwiri, mofanana ndi mmene ndafotokozera za chialubino. Koma apa pali nkhani imene imatikhudza kwambiri ife a m'mbali mwa nyanja.

Maselo ofiira a magazi amakhala obulungira. Mwa mwana wa sickle cell amapindika ngati chikwakwa, n'kumatsekeka m'mitsempha ing'onoing'ono. Ululu umene amalira nawo usiku uja umachokera pamenepo, komanso maselowo amafa msanga, n'chifukwa chake magazi amachepa ndipo maso amachita chikasu. Funso n'lakuti, jini yozunza chonchi bwanji sinathe yokha? Anthony Allison, amene anakulira ku Kenya, anayankha mu 1954. Anapeza kuti munthu amene walandira jiniyi kwa kholo limodzi lokha sadwala sickle cell, komanso malungo aakulu samugwetsa msanga. Kumalo a udzudzu wambiri, ngati kuno kumadambo a mpunga ndi ku Chia, ana otere ankapulumuka kuposa anzawo, n'kukula, n'kubereka. Jiniyo inafala chifukwa inkapulumutsa ambiri, ngakhale inkapweteka ochepa amene ailandira kawiri.

Si matenda a anthu akuda ayi, ndi matenda a kumene kunali malungo. Amapezeka ku India, ku Saudi Arabia, ku Greece, pamene kwa anthu akuda a ku South Africa ndi osowa. Si ufiti, ndipo kutemera mphini sikuwongola maselo. Mwanayo azimwa madzi ambiri, azigona m'neti, asazizidwe, alandire katemera yense, ndipo mankhwala amene akupatsani kuchipatala musadumphitse. Akangotentha thupi, thamangani naye tsiku lomwelo.

Kodi atandiyeza magazi angadziwe kuti ndine Mchewa kapena Myao?

Sangadziwe. Vuto lili pa mawu athu akuti "mtundu", amene timawasenzetsa katundu wambiri. Timati mtundu wa nsomba, mtundu wa nsalu, mtundu wa Atonga, mtundu wa Amalawi. Ndiye munthu amaganiza kuti Mchewa ndi Myao amasiyana ngati chambo ndi kampango. M'nyanja yathuyi mulidi mitundu ya nsomba mazanamazana imene siswana ina ndi inzake. Anthu ndife mtundu umodzi wokha, ndipo DNA ya anthu awiri alionse imafanana pafupifupi 99.9 pa 100 iliyonse.

Richard Lewontin anawerengera mu 1972 kuti pa kusiyana konse kwa chibadwa cha anthu, magawo pafupifupi 85 pa 100 amapezeka mkati mwa gulu limodzi lomwelo. Kunena kwina, kusiyana kochuluka kuli pakati pa inu ndi mnansi wanu wa mudzi womwewo, osati pakati pa mudzi wanu ndi anthu a kutsidya. Magulu a magazi a A, B, AB ndi O, amene Karl Landsteiner anayamba kuwatulukira mu 1901, amapezeka kulikonse. Mukachita ngozi pamsewu wa M5, magazi a Mchaina wa gulu lanu akupulumutsani, pamene a mchimwene wanu wa bere limodzi akhoza kukuphani ngati gulu lasiyana.

Nkhotakota yeniyeniyo ndi umboni. Salim bin Abdallah, Mswahili wamalonda amene anali woyamba mwa mafumu otchedwa Jumbe, anakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1840, ndipo zombo zake zinkawolotsa minyanga ndi akapolo kupita ku Kilwa. Mkuyu umene David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 udakalipo. Aswahili, Ayao, Achewa a kwa Malengachanzi, akapolo ochokera kutali amene sanawoloke: onsewa anakwatirana ku Linga, tauni yakale ya Nkhotakota. Kumpoto kwa Kanyenda kuli Atonga. Ku Dwangwa nzimbe zinakoka anthu a m'maboma onse. Mwana wobadwa kwa bambo wa Chilhomwe ndi mayi wa Chitonga, wokulira ku Dwangwa, wolankhula Chichewa, magazi ake anene kuti ndi ndani?

Angoni nawo, pochoka kumwera m'zaka za m'ma 1800, ankatola anthu m'njira monse n'kuwasandutsa Angoni. Lero Mngoni wa ku Ntcheu amavina ngoma koma amalankhula Chichewa. Ungoni wake ndi weniweni, koma uli m'mbiri, m'mfunda ndi m'mwambo.

Boma la tsankho la ku South Africa linayesa kugawa anthu ndi lamulo la 1950, ndipo agogo athu amene anapita ku Joni anaziona. Zitavuta, akuluakulu a boma ankalowetsa pensulo m'tsitsi la munthu kuti aone ngati igwa. Ana a mimba imodzi ankatha kuikidwa m'magulu osiyana.

Komatu Atonga ndi otchena, Ayao ndi amalonda, a kumpoto ndi anzeru kusukulu. Zimenezi si zakumtundu?

N'za mbiri. Mishoni ya Livingstonia inasamukira ku Bandawe mu 1881 ndi ku Khondowe mu 1894, choncho Atonga ndi Atumbuka anayamba sukulu msanga, n'kukagwira ntchito za ukalaliki m'maiko oyandikana nafe, n'kubwerako ndi masuti. Ayao anayenda malonda a kugombe la nyanja ya mchere kwa mibadwo yambiri. Makolo ambiri achisilamu kuno ndi ku Salima ankaopa sukulu za mishoni kuti ana awo akabatizidwa, ndipo mantha amenewo anali ndi chifukwa. Zotsatira zake tikuziona mpaka lero, koma m'kalasi mwanga mwana amene amakhoza ndi amene wadya m'mawa, ali ndi nyali usiku, ndipo sanatumidwe kukagwira usipa sabata ya mayeso.

Anthu a m'dera lathu ndi aafupi. N'chibadwa?

Msinkhu umatengera makolo, inde, koma chakudya ndi matenda a paubwana zimaudula. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Anthu a ku Netherlands, amene lero ali m'gulu la anthu aatali kwambiri padziko, anawonjezera masentimita pafupifupi 20 m'zaka 150 zokha moyo wawo utasintha. Ife usipa tili nawo pakhomo, koma wabwino umakwera galimoto kupita ku Lilongwe, mwana n'kutsala ndi phala lopanda kanthu.

Ndikamwa mkaka m'mimba mumalira, koma chambiko sichindivuta. Ndikudwala?

Simukudwala. Anthu akuluakulu ambiri padziko ali ngati inu: mphamvu yogaya shuga wa mumkaka imachepa mwana akasiya kuyamwa. Amene amaisunga mpaka kukula ndi zidzukulu za oweta ng'ombe, monga Amasai, Afulani ndi anthu a kumpoto kwa Ulaya, ndipo Sarah Tishkoff anaonetsa mu 2007 kuti a kum'mawa kwa Africa anaipeza mwa njira yawoyawo, yosiyana ndi ya azungu. Kuno kashembe wa m'nkhalango sankalola ng'ombe kuchuluka. Mu chambiko, tizilombo tosasitsa tadya kale gawo la shugayo.

Chikamwini ndi lobola, cholondola n'chiti?

Funso limeneli limabuka ukwati uliwonse wa Mchewa ndi Mtumbuka, ankhoswe atakhala pamphasa. Kwa Achewa ndi Ayao ana ndi a kuchikazi, mwamuna amakamanga kwa mkazi pokhapokha atapempha chitengwa, ndipo mwini mbumba ndi malume. Kwa Angoni a ku Mzimba ndi Atumbuka ambiri ng'ombe zikaperekedwa ana ndi a kuchimuna. Njira zonsezi zikuyankha mafunso omwewo: munda ukhala wa yani, ndipo makolo akamwalira ana aleredwa ndi yani. Iliyonse ili ndi pamene imapweteka. Mkamwini amadzala mitengo pamalo amene tsiku lina angathamangitsidwepo, ndipo mkazi wolowoledwa akaferedwa akhoza kusiya ana ake kumudzi kwa eni.

Mwambo si chinthu chouma. Chimanga chimene timati ndicho moyo wathu chinachokera ku America, chinangwanso chimodzimodzi, ndipo zonsezi zinafika mu Africa pambuyo pa chaka cha 1500. Koma taonani nzeru imene amayi a kuno anaikapo: chinangwa chowawa chili ndi poizoni, ndipo kuchiviika m'madzi masiku angapo musanachiyanike ndi kusinja ndiko kumachotsa poizoniyo kuti kondowole adyeke. Ku chilumba cha Mbenje ku Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo nsomba zimaswana mwamtendere.

Ndiye mukuti mwambo uliwonse ndi wabwino?

Ayi. Kumvetsa chifukwa chimene anthu amachitira chinthu n'kosiyana ndi kuchivomereza. Kusasa fumbi ndi kukwatiwitsa ana kumawononga atsikana, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti ukwati uziyambira zaka 18. Amene anamenya nkhondoyi mwamphamvu sanali mlendo, anali Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, imene inathetsa maukwati a ana ambirimbiri pogwiritsa ntchito mphamvu ya ufumu womwewo.

Anthu ofufuza akabwera kudzatenga magazi kapena kufunsa za miyambo yathu, tiwakhulupirire?

Kukayika kwanu kuli ndi pogwira. Maphunziro amenewa ali ndi mbiri yonyansa. Akatswiri a nthawi ya atsamunda ankayeza zigaza za anthu kuti aonetse kuti mzungu ndi wapamwamba. Sarah Baartman, mayi wa Chikhoikhoi, anaonetsedwa ngati nyama ku London ndi ku Paris, anamwalira mu 1815, ndipo ziwalo zake zinabwezedwa ku South Africa mu 2002.

Koma mphekesera za anamapopa, zimene zinaphetsa anthu osalakwa m'maboma a kumwera mu 2017, n'zabodza. Wofufuza weniweni amadzera kwa DC ndi kwa amfumu, amakhala ndi chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, ndipo amakufotokozerani m'Chichewa zimene akufuna, kumene magaziwo apite, ndi chimene mupindule. Muli ndi ufulu wokana, ngakhale amfumu atavomera, ndipo mukakana chithandizo chanu kuchipatala sichichotsedwa. Za kudambwe ndi za kutsimba, eni mwambo ndiwo amanena zimene zingalembedwe ndi zimene sizituluka.

Pokumba maziko tapeza mapale, mikanda ndi mafupa. Titani?

Siyani kukumba pomwepo, ndipo musatsuke kapena kusuntha kanthu, chifukwa kuya kwa pamene chinthu chagona ndiko kumathandiza kudziwa zaka zake. Jambulani ndi foni, phimbani kuti mvula ndi agalu zisafike, kenaka dziwitsani amfumu. Ngati pali mafupa a munthu, apolisi adziwe kaye. Akaona kuti n'zakale, ofesi ya DC ndiyo idziwitse a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ku Lilongwe.